Bwana, Dzapondeninso Mbali Inayo

Kwa Wolemekezeka Bwana Mkulu,
Bungwe Loyang'anira Nyumba za Anthu Wamba,
Ofesi ya Pamwamba, Chitseko Chotseka Chija.

Wolemekezeka Bwana,

Ndiyambe ndi kupepesa. Pepani chifukwa chokulemberani, pepani chifukwa cha zilembo zanga zokhotakhota, pepaninso ngati pepalali lafika ndi kafungo. Ndinaliyanika padenga tsiku lonse, koma sindingalonjeze kanthu. Sukulu ndinalekezera sitandade folo, choncho mukapeza mawu olakwika musawakalipire, wolakwa ndine.

Iyi ndi kalata yachinayi. Zitatu zoyamba ndinazipereka m'manja mwa akalaliki anu, ndipo musade nkhawa, sizinatayike. Ulendo wathawu ndinaziona ndi maso anga zitapindidwa bwinobwino pansi pa mwendo wa tebulo lawo, kuti tebulolo lisamagwedere. Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ndinadziwa kuti ku ofesi kwanu nkhani ya zinthu zopendekeka mumaimvetsa. Tebulolo tsopano lakhazikika, silikufunanso kalata ina, ndiye ino ndaipereka kwa a nyuzipepala.

Ine ndine wosoka nsapato wa nyumba yachinayi, ya kumunsi kwenikweni, pa mdadada wa nyumba zinayi zimene munabwera kudzatsegulira zimbudzi zake zogejemula chaka chatha. Ndimakhala ndi akazi anga, ana atatu, ndi apongozi anga amene miyendo inawakana. Anthu kuno amanditcha a Nkhawa. Amati ndimada nkhawa ndi zinthu zisanachitike. Nzoona, koma taonani Bwana, zambiri zimachitikadi.

Lachisanu lapitali munthu wa ku ofesi kwanu anamata chikalata pachitseko changa. Anachimata ndi dzanja limodzi, linalo atatseka nalo mphuno. Chikalatacho chikuti ine ndikuipitsa malo ndi madzi onyansa, ndipo ndikapanda kuumitsa kuseri kwa nyumba m'masiku khumi ndi anayi, nditulutsidwa m'nyumbamu ndi banja langa lonse. Pamene ndikulemba pano atsala masiku asanu ndi anayi. Sindikudandaula ayi. Ndangoona kuti ndisanabereke apongozi kumsana kupita kumene sindikukudziwa, ndithokoze kaye zabwino zimene mwandichitira. Ndaziika manambala kuti musatope.

1. Zikomo chifukwa cha zimbudzi, ndi mawu anu a tsiku lija.

Kale nyumba zinayi tinkagwiritsa chimbudzi chimodzi chokumba, ndipo m'mawa tinkaima pamzere ngati kuchipatala. Tinalira, inu munamva. Walira mvula walira matope, ngakhale kuti ife sitinafunse kuti matope ake adzakhala a mtundu wanji.

Mwina tsikulo mwaliiwala, poti mumatsegulira zambiri. Munabwera ndi galimoto zisanu. Amisiri anali atangokhazika m'mawa womwewo kabokosi ka simenti kuseri kwa nyumba zathu, dothi la pansi pake asanalitsendere, chifukwa anauzidwa kuti Bwana sadikira simenti. Munadula riboni. Munati, "Kuyambira lero palibe wamkulu, palibe wamng'ono. Aliyense alandira gawo lofanana." Tinaomba m'manja mpaka manja kutentha. Kenaka wojambula zithunzi anati mukwere penapake kuti muoneke bwino, ndipo inu munaika phazi lanu la kumanzere pangodya ya chivundikiro cha kabokosi kaja, dzanja m'chiuno. Mmisiri wamkulu anati, "Bwana, pamenepo sipanaume," koma ananena chapansipansi, monga amayankhulira munthu amene ali ndi ana oti adyetse.

Ine ndinali pafupi. Ndinamva kabokosi kakuti fwoo, ngati munthu amene wakhala pampando atayenda ulendo wautali. Ndinakodola akazi anga n'kunena kuti, "Mayi, chinthu chija chatitimira." Iwo anati, "Inu a Nkhawa, taombani m'manja ngati anzanu, musatichititse manyazi." Ndinaomba.

2. Zikomo chifukwa cha maphunziro amene ndapeza nditakula kale.

Patapita miyezi itatu, kuseri kwa nyumba yanga kunayamba kutuluka thukuta. Poyamba ndinkayesa mame. Kenaka ndinaganiza kuti mwina ndapeza kasupe. Kenaka mphuno inandiuza zoona. Ndinaopa kuti mwina banja langa limadya mopyola muyeso, moti ndinayamba kuwerenga maulendo a aliyense wopita kuchimbudzi, mpaka apongozi anandifunsa ngati ndasiya nsapato n'kuyamba ulonda.

Zitafika poipa ndinaitana alamu anga, amuna a mlongo wanga, amene ndi pulambala. Iwo anati, "Alamu, tsekani mphuno koma mutsegule maso." Anandionetsa thanki yaikulu ya pansi, kumene zonse za nyumba zinayi zimakakumana. Anati m'menemo zolemera zimamira, zamafuta zimayandama, ndipo madzi a pakati okha ndi amene amatuluka pa paipi imodzi kupita m'kabokosi kanu kaja. Kenaka ananyamula chivundikiro.

Bwana, malinga ndi kukula kwa mwambo uja, ine ndinkayesa kuti m'katimo muli makina, mwina mawaya, mwina timagetsi tophethira. Mulibe kanthu. Ndi kachipinda ka simenti, kukula kwake ngati bokosi langa la zida. Kali ndi khomo limodzi lolowera madzi, chakumwamba pang'ono, ndi makomo anayi otulukira, chakumunsi. Khomo lililonse lili ndi paipi yake yopita ku ngalande ya miyala yokwiriridwa kuseri kwa nyumba iliyonse, kumene dothi limamwa madziwo pang'onopang'ono n'kumawasefa.

Alamu anati, "Kabokosi aka kalibe injini, kalibe nzeru. Ntchito yake ndi imodzi basi, kukhala kosapendekeka. Makomo anayiwa akakhala pa mlingo umodzi, madzi akamakwera amawapeza onse nthawi imodzi, n'kugawikana okha panayi. Ngalande iliyonse imalandira zimene ingathe kumwa. Koma khomo limodzi likangotsika, ngakhale ndi kachala kamodzi, madzi safunsa. Onse amathamangira kotsikako, makomo atatu enawo n'kumangoyasamula."

Anatulutsa levulo, kathabwa kaja kokhala ndi kathovu m'galasi, n'kuika pamwamba pa kabokosi. Kathovu kanathawira mbali ya kwa aphunzitsi a nyumba yoyamba, n'kukabisala kumapeto kwenikweni ngati kali ndi mlandu. Anathiramo ndowa ya madzi oyera. Onse, osatsala ndi dontho lomwe, analowa khomo lachinayi ngati ana odziwa kwawo. Alamu anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Mwaona? Madzi saiwala khwawa. Khwawa lake ndinu, alamu."

Misozi inalengeza m'maso mwanga. Ndikukhulupirira kuti chinali chimwemwe cha maphunziro.

3. Zikomo chifukwa cha gawo langa.

Chibadwire sindinalandirepo gawo lalikulu pa chilichonse. Kwathu tinabadwa asanu ndi atatu, ndipo bulangete linkatha lisanafike kwa ine. Pamzere uliwonse wolandira zinthu, zimatha munthu wa patsogolo panga atangolandira. Ndinu nokha, Bwana, amene mwandikumbukira. Pa mdadada wathu tilipo anthu makumi awiri ndi atatu. Zonse zimene anthu amenewa amasamba, kuchapa, kutsuka, ndi zina zimene sindingalembere munthu wa ulemu wanu, zimabwera kwa ine ndekha. Ngalande zitatu za anzanga zili pa tchuthi kuyambira tsiku lija, zouma gwa. Yanga inamwa mpaka kukhuta, tsopano ikubweza.

Mphatso imeneyi yabwera ndi zinzake. Udzu wa kuseri kwanga ndi wobiriwira kuposa wa pa ofesi yanu, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Achule amene sindinawaitane amanga mabanja. Ntchentche zimaitana zinzake za kutali. Ndasandukanso mneneri. A dalaivala a nyumba yachiwiri akalandira alendo, ine ndimadziwa ndisanawaone, pakuti dziwe limafika pa mtengo wa chingwe choyanikira zovala. Akazi a aphunzitsi akachapa mabulangete, thovu lake limatulukira kwa ine. Tsiku lina ndinauza amayi a telala a nyumba yachitatu kuti, "Pepanitu ndi m'mimba mwa anawo." Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa kuti wandiuza ndani. Kuyambira tsiku limenelo sandipatsa moni.

Apongozi amakhala pazenera la kuseri tsiku lonse, poti sayenda. Amati pokwatitsa mwana wawo ankadziwa kuti mkamwini wawo ndi wosauka, koma palibe anawauza kuti ali ndi damu lakelake.

Makasitomala anga kale ankakhala pabenchi pakhonde, tikucheza, ine ndikusoka. Tsopano amaponya nsapato ali kumsewu n'kukuwa kuti, "Tidzatenga mawa, a Nkhawa!" Ena sabweranso, asankha kuyenda ndi nsapato zoyasamula. Mwana wanga wotsiriza watsegula m'mimba kawiri chaka chino, ndipo ulendo wachiwiriwo anagona kuchipatala masiku anayi, maso atalowa m'kati. Pepani, izi sindinaziike pa zothokoza. Zangolowa zokha, monga amachitira madzi.

4. Zikomo chifukwa cha antchito anu okhulupirika.

Alamu anati kukonza kwake ndi ntchito ya tsiku limodzi: kukumba m'mbali, kutukula mbali yotsikayo, kutsendera miyala pansi, n'kuikanso levulo. Anati ngakhale osakumba, pali tizivundikiro ta bowo la pambali timene amaveka pa makomo aja, n'kumatipotoza mpaka mabowo onse alingane ndi madzi. Ndinati tiyeni tiyambe pompano. Anapinda manja. "Alamu, ichi ndi chuma cha Bungwe. Ndikachikhudza popanda kalata ya chilolezo andilanda mapepala a ntchito, ndiye mlongo wanuyo mudzamudyetsa ndinu."

Choncho ndinavala jekete n'kubwera ku ofesi kwanu. Pazenera loyamba anati ndi nkhani ya madzi. A madzi anati madzi awo ndi akumwa okha, ndipite kwa a zaumoyo. A zaumoyo anati ndi nkhani ya zomangamanga. A zomangamanga anati chinthu chimene chili pansi pa dothi si chomanga, ndi chokwirira. Ndinaona kuti ku ofesi kwanu ndiye kugawa kumayenda bwino: munthu mmodzi munamugawa pa makomo anayi mofanana, osapendekera kulikonse.

Pomaliza ndinafika kwa akalaliki a tebulo lija. Anatsegula chibuku chachikulu n'kundionetsa chithunzi. Anati, "Abambo, awa ndani?" Ndinati ndi Bwana Mkulu. Anati, "Bokosi limeneli analitsegulira ndi Bwana eni ake, ndipo lipoti likuti limagawa mofanana. Ndiye inu mukuti wonama ndani, lipoti kapena Bwana?" Thukuta linatsika kumsana mpaka m'masokosi. Ndinati wonama ndi madzi. Anati, "Mwayankha bwino. Pitani mukawauze."

Ndinapitadi kukawauza, Bwana. Ndinaima pafupi ndi kabokosi n'kuwabwerezera mawu anu onse a gawo lofanana, kawiri. Sanamve. Ndikuganiza kuti nawonso sukulu sanapite nayo patali.

Kenaka ndi pamene munatumiza woyendera malo wa ku ofesi kwanu. Anayenda kuseri kwa nyumba zonse zinayi, napeza kuti kutatu n'kouma, kumodzi n'konyowa. Analemba kuti mabanja atatu ndi aukhondo, limodzi ndi lauve. Ndinamupempha kuti anyamule chivundikiro aone yekha, koma anati anatumidwa kudzaona malo, osati kudzanyamula zinthu. Nzeru zotere sizipezeka ku sitandade folo.

Anzanga a pamdadada sindikuwada. Nditapempha aphunzitsi kuti asainire nawo kalatayi, anavula magalasi n'kunena kuti, "A Nkhawa, ife kwathu kuno bokosi likugwira ntchito bwino kwambiri." Sananame.

5. Zikomo chifukwa cha chikumbutso chimene munatisiyira.

Phazi lanu lilipobe pa chivundikiro, lolowa m'simenti ngati chidindo cha ofesi. Akulu amati pagona tonde padzinunkha. Sindikukutchani tonde, Bwana, ndi mwambi chabe, ngakhale kuti theka lake lachiwiri lakwaniritsidwa. Phazilo ndimalivundikira ndi beseni lakale kuti mvula isalifufute, pakuti ndi umboni wokhawo wakuti munthu wamkulu anafikapo kuseri kwathu.

Zilembo za m'mabuku zimandivuta, koma phazi ndimawerenga bwino. Ndasoka nsapato zaka makumi awiri ndi zisanu. Yanu ndi yachikopa, nambala teni, yosongoka kutsogolo, ndipo chidendene chake chadyeka mbali ya kunja. Munthu wa chidendene chotere amaima mopendekera, koma mwini wake sadziwa. Iye amaona kuti zonse zili tayale, ndipo amadabwa anthu akamadandaula. Si mlandu wanu. Ndi mlandu wa amene amakusokerani nsapato, ndi wa anthu amene amayenda pambuyo panu tsiku ndi tsiku, akuona, osakuuzani.

Apa ndi pamene nkhawa yanga yakulira, moti dzulo ndinadzibaya ndi singano katatu. Ndikudzifunsa kuti kodi ndi malo angati amene mwaimapo chiyambire ntchito yanu? Munatsegulirapo sukulu. Kodi ana kumeneko sakutsetserekera mbali imodzi ya kalasi? Munatsegulirapo msika. Kodi masikelo ake ali bwanji? Tsopano ndamva kuti mwezi wamawa mwaitanidwa kukatsegulira mlatho. Bwana, ndagwira mwendo wanu, wa kumanjawo. Pa mlathowo mukaime pakati, ndi mapazi onse awiri, ndipo musakachedwepo.

Akazi anga atamva zimenezi anati, "Inu abambo, m'malo moda nkhawa ndi kumene tikagone ndi anawa, mukuda nkhawa ndi mlatho?" Ndinati, "Mayi, akatitulutsa muno, mwina tikagona pansi pa mlatho womwewo." Iwo anangopitiriza kumanga mbale m'katoni.

Tsopano pempho langa.

Sindikupempha simenti, sindikupempha galimoto, sindikupempha komiti. Sindikupemphanso kuti muvomere kuti bokosi lapendekeka, chifukwa lipoti lingachite manyazi. Ndikungopempha kuti mubwere mudzalitsegulirenso kachiwiri, Lachisanu la sabata yamawa lisanafike. Chimene phazi linapinda, phazi lomwelo lingawongole.

Mudzavale nsapato zomwe zija, chidendene chisanakonzedwe. Mudzabwere mutadya kale chakudya chamasana ngati tsiku lija, kuti kulemera kukhale komweko. Ife tidzathira madzi padothi dzulo lake kuti lifewe, ndipo madzi tili nawo. Mudzaike phazi la kumanzere pangodya ya mbali inayo, ya kwa aphunzitsi, dzanja m'chiuno. Alamu adzagwada pansi ndi levulo, ndipo kathovu kakafika pakati adzanena kuti, "Basi, Bwana!" Ulendo uno adzanena mokweza, ndakhala ndikuwaphunzitsa. Chonde mukangomva mudzatsike msanga. Mukachedwa, gawo lonse lipita kwa aphunzitsi, ndipo iwo amadziwa kulemba makalata a Chingerezi.

Za riboni musavutike. Yakale ija ana anaitola, ndipo ndailumikiza ndi ulusi wa nsapato, msoko wake suoneka pa chithunzi. Mu lipoti adzangolemba kuti linali gawo lachiwiri la chitukuko.

Ngati phazi lili lotanganidwa, dzanja likhoza kugwira ntchito yomweyo. Mizere iwiri chabe, yololeza alamu kukonza kabokosi, ndi siginecha yanu pansi. Koma kapepalako musakadutsitse kwa akalaliki aja, ndaona kuti mpando wawo nawonso wayamba kugwedera.

Zonse ziwiri zikakanika, ife Lachisanulo tidzatuluka mwaulemu, apongozi ali kumsana. Ndingopempha kuti amene adzalowe m'nyumba muno mudzamuuze abwere ndi majombo, pakuti bokosi silidziwa dzina la munthu, limangodziwa kotsika. Chikalata chija musadzachimatule pachitseko. Mudzangosintha tsiku, kuti pepala la Bungwe lisawonongeke.

Koma ine ndikukhulupirira kuti mubwera, pakuti ndinu munthu wa mawu anu. Ndipo mukadzatsika pa chivundikiro, chidendene chija ndidzakukonzerani mwaulere. Ndi ntchito ya ola limodzi, koma chifukwa cha ulemu wanu ndidzasoka pang'onopang'ono. Benchi ndaisamutsa kale, ili kuseri, pa udzu wobiriwira uja, pakati penipeni. Mudzakhale pamenepo podikira, phazi limodzi lili m'sokosi, mukupuma mpweya wa chitukuko chanu. Kumeneko nanunso mudzalandire gawo lanu, lofanana ndendende ndi langa, monga munalonjezera.

Ndine wanu wogwada m'matope,

A Nkhawa, wosoka nsapato,
Nyumba yachinayi, kumunsi.
Adalaivala anu akasochera, atsitse galasi n'kutsata mphuno.